Momwe Mungatumizire Sewero Lanu la Magawo ku Zikondwerero za Makanema Muli ku Chigwa cha Shire

Ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ndi pa boma la Nsanje kuli achinyamata amene akujambula masewero pa mafoni awo, ndipo ena mwa masewerowa sathera pa gawo limodzi koma amapitirira, lachiwiri kutsatira loyamba, mpaka anthu a pamsika kuyamba kufunsa kuti lotsatira lituluka liti. Ntchito yotere ili ndi malo ake oonetsera kunja kwa dziko lino. Pali zikondwerero zimene zinakhazikitsidwa n'cholinga choonetsa masewero a magawo opangidwa ndi anthu oima paokha, amene sanatumidwe ndi wailesi ya kanema kapena kampani yaikulu, ndipo zambiri mwa izo zimalandira ntchito yochokera ku dziko lililonse kudzera pa intaneti. Langizo limene malangizo ena onse m'nkhani ino atsamirapo ndi lakuti malamulo a chikondwerero awerengedwe kamera isanayatsidwe, chifukwa zambiri zimene zimagwetsa sewero pa mpikisano sizikonzeka kujambula kukatha.

Choyamba ndi kudziwa kuti zikondwererozi si za msinkhu umodzi. Series Mania, imene inayamba mu 2010 ku Paris ndipo kuyambira 2018 imachitikira mumzinda wa Lille, kawirikawiri mwezi wa Malichi, pamodzi ndi Canneseries ya ku Cannes imene inayamba mu 2018, ndi mabwalo a akuluakulu kumene makampani a wailesi za kanema amakaonetsa ntchito zodya ndalama zankhaninkhani, ngakhale kuti Canneseries ili ndi mpikisano wapadera wa masewero a magawo afupiafupi. Munthu woyamba kumene asataye ndalama yake yoyamba kumeneko. Zimene zimamuyenera ndi zikondwerero za masewero a pa intaneti, monga Marseille Web Fest ya ku France imene inayamba mu 2011, Melbourne WebFest ya ku Australia, Die Seriale ya ku Giessen m'dziko la Germany, ndi Rio WebFest ya ku Brazil. Ku America kuli SeriesFest ya mumzinda wa Denver, imene inayamba mu 2015 ndipo imadziwika ndi mpikisano wa magawo oyamba a masewero opangidwa ndi anthu oima paokha. Mu Africa muno FESPACO ya ku Ouagadougou m'dziko la Burkina Faso, imene inayamba mu 1969 ndipo imachitika pakatha zaka ziwiri zilizonse, nayo ili ndi gawo la masewero a pa wailesi ya kanema. Wina asaganize kuti Mmalawi sangapikisane pa mabwalo akunja, pakuti Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi Shemu Joyah mu 2018 anapambana mphoto za Africa Magic Viewers' Choice Awards ku Lagos, ngakhale kuti iwo anapikisana ndi makanema athunthu osati a magawo.

Mukasankha zikondwerero zitatu kapena zinayi, tsegulani malamulo a chilichonse ndi kulemba m'kope mayankho a mafunso awa: gawo limodzi lisapitirire mphindi zingati, akufuna magawo angati, sewero likhale lomalizidwa kuyambira chaka chiti, tsiku lotsekera kulandira ndi liti, ndipo kodi akulola sewero limene laonetsedwa kale kwina. Funso lomalizali ndi limene limapweteketsa anthu ambiri. Zikondwerero za masewero a pa intaneti nthawi zambiri sizidandaula ngati sewero lili kale pa YouTube, koma zikuluzikulu zimafuna kuti kwawoko kukhale koyamba kulionetsa. Kwathu kuno sewero limatuluka mosavuta kwambiri, chifukwa wosewera mmodzi akangopempha kuti mumutumizire gawo pa WhatsApp kuti akaonetse mayi ake, mawa lake lili kwa anyamata oika nyimbo ndi makanema m'mafoni pamsika, ndipo sabata isanathe likuonetsedwa m'nyumba za vidiyo. Gwirizanani ndi gulu lonse musanayambe kuti fayilo idzakhala ndi munthu mmodzi yekha kufikira mayankho atabwera.

Pa nkhani yeniyeni ya sewero ndinena maganizo anga mosabisa. Anthu akunja amene anamvapo za Chikwawa ndi Nsanje anamva za madzi osefukira a mu Januwale 2015, za namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndipo wolemba amakopeka kuganiza kuti oweruza akufuna misozi ya m'misasa ya anthu othawa madzi basi. Madzi atha kukhalamo m'sewero, pakuti ndi mbali ya moyo wa kuno, koma sewero la magawo limaima pa anthu amene woonera akufuna kuwaonanso sabata yamawa. Wopalasa bwato woolotsa anthu kupita ku Makhanga amene amamva zinsinsi za mbali zonse ziwiri za mtsinje, banja limene mwamuna ndi Msena wa mwambo wa lobola pamene mkazi ndi Mmang'anja wa mwambo wa chikamwini, wodula nzimbe wa ku Nchalo amene malipiro ake amathera m'ngongole asanafike nawo kunyumba, wogula thonje ndi sikelo yake yokayikitsa: aliyense wa amenewa angathe kusenza magawo asanu ndi limodzi osatopetsa. Gawo loyamba likhale la mphindi zosapitirira khumi, ndipo vuto la mwini nkhani lionekere m'mphindi ziwiri zoyambirira, chifukwa wosankha masewero amakhala ndi mulu waukulu woti aonere ndipo sadikira kuti nkhani iyambe pa mphindi yachisanu ndi chiwiri. Mayina a onse amene anathandiza aikidwe kumapeto, osati poyambirira.

Kamera si vuto lalikulu monga mmene ambiri amaganizira. Foni yabwino yojambula pa 1920 x 1080 ndi yokwanira, bola igwiridwe chopingasa ndi kukhazikidwa pa choimikira, kupatula ngati mukulowa mpikisano wa makanema oimirira. Sankhani zithunzi 25 pa sekondi, chifukwa magetsi athu amayenda pa 50 Hz ndipo mukajambula pa 30 pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethiraphethira. Nyengo nayo iganiziridwe. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa m'chigwa kumapitirira madigiri 40, foni imatentha mpaka kusiya kujambula pakati pa zokambirana, ndipo dzuwa la masana limachititsa nkhope kuda pamene kumbuyo kukuwala mopitirira. Miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti ndi yabwinopo, misewu imakhalanso yodutsika, ndipo kuwala kwa m'mamawa ndi kwa chakumadzulo ndi kumene kumaonetsa bwino khungu la munthu wakuda.

Mawu ndiye pogona nkhani. Oweruza amakhululukira chithunzi chosawala bwino, koma sewero limene mawu ake akumveka ngati munthu akulankhulira m'mgolo salionera mpaka kumapeto. Maikolofoni ya pa foni yojambulirayo imakhala kutali ndi pakamwa pa wosewera, choncho gulani timaikolofoni topanira pa malaya, kapena gwiritsani ntchito foni yachiwiri yobisidwa pafupi ndi olankhula kuti izijambula mawu okha. Musanayambe chigawo chilichonse, munthu mmodzi aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera, kuti podzalumikiza mawu ndi chithunzi mudzapeze poyambira. Miyezi yozizira ija ili ndi vuto lake, lomwe ndi mphepo ya mwera, ndipo maikolofoni yosavekedwa kansalu kaubweya kapena siponji imangojambula mkokomo. M'nyengo yotentha nyenje zimalira osapuma m'mitengo. Musanasankhe malo, imani pamenepo mphindi zingapo mutatseka maso, mumvetsere ngati pali chigayo, njinga zamoto za kabaza, tambala wa oyandikana nawo kapena wailesi ya m'bala. Mukamaliza kujambula pa malo alionse, onse akhale chete kwa mphindi imodzi kuti mujambule phokoso la malowo palokha, pakuti limeneli ndi lodzatsekera mipata podula ndi kulumikiza, ndipo popanda ilo mawu amadumphadumpha m'makutu a woonera.

Wailesi ya m'bala ija ili ndi vuto lachiwiri loposa phokoso. Nyimbo iliyonse yomveka m'sewero lanu, ngakhale yongomvekera patali, ili ndi mwini wake, ndipo potumiza sewero mumavomereza kuti zonse zimene zili m'menemo muli nazo chilolezo. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza oimba ndi olemba, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene lingakuunikireni za ziphaso komanso za kulembetsa ntchito yanu. Njira yosavuta ndi kupangana ndi oimba a kwanu komweko. Woimba valimba kapena gulu lovina utse lingakupatseni nyimbo zimene woweruza wa ku Marseille sanamvepo, zoposa kutali tinyimbo taulere ta pa intaneti timene aliyense amagwiritsa ntchito, koma mgwirizano wake ulembedwe, usainidwe, ndipo unene momveka kuti nyimboyo itha kuonetsedwa kunja kwa dziko ndi pa intaneti. Wosewera aliyense asainenso kalata yovomereza kuti nkhope ndi mawu ake zigwiritsidwe ntchito, yolembedwa m'chinenero chimene iye amamva, ndipo ngati ndi mwana asaine ndi kholo kapena womuyang'anira. Ubale usakunyengeni pamenepa, chifukwa msuweni amene anasewera mwaulere lero ndi yemweyo adzafunse gawo lake akadzamva kuti sewero laonetsedwa ku Ulaya. M'mudzi yambirani kwa amfumu. Ku Majete ndi ku Lengwe pemphani chilolezo kwa oyang'anira malowo, ndipo malo opatulika monga kachisi wa Mbona ku Khulubvi, kapena chilichonse chokhudza gule wamkulu, musayerekeze kujambula popanda mawu a eni mwambo.

Podula ndi kulumikiza pali mapulogalamu aulere monga Shotcut ndi Kdenlive amene amayenda pa laputopu wamba, DaVinci Resolve imene imafuna kompyuta yamphamvu, ndi Audacity yokonzera mawu. Chofunika kwambiri ndi kusunga zonse zimene mwajambula pa malo awiri osiyana, ndipo amodzi mwa malowo akhale kumtunda, kwa wachibale wa ku Blantyre kapena ku Thyolo. Amene anakhalapo m'chigwa nthawi ya dzinja sangafunse chifukwa chake.

Tsopano mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa kanema, amene ambiri amawatcha ma subtitle. Musasinthe chinenero cha sewero kuti musangalatse akunja, pakuti wosewera wa ku Tengani amene akukangana m'Chisena amakhala wamoyo, pamene yemweyo akamaloweza Chingerezi amauma ngati chitsa. Zikondwerero zinazolowera kuonera masewero a zinenero zimene oweruza sazidziwa, ndipo chimene zimafuna ndi mawu a m'munsi omveka bwino. Kwa woweruza, mawu amenewa ndiwo sewero lenilenilo, choncho akakhala osokonekera iye amaona ngati nkhani ndi imene yasokonekera. Womasulira akhale munthu wodziwa zinenero za m'chigwa, chifukwa Msena akanena kuti "takhuta" akuthokoza, koma womasulira wa ku Lilongwe adzalemba kuti anthuwo adya mokwanira. Mawu a ubale nawo ndi ovuta, popeza Chingerezi chimaphatikiza atsibweni ndi abambo aang'ono m'liwu limodzi, pamene m'nkhani ya ukwati kapena ya malo kusiyana kwa awiriwa ndiko kumene kwagona mkangano wonse, ndipo pamafunika kupeza njira yoti woonera adziwe msanga kuti uyu ndi mlongo wa mayi. Mwambi monga "walira mvula walira matope" usamasuliridwe ndi ndime yofotokozera, koma ndi mawu ochepa onyamula tanthauzo lake. Pa kalembedwe, mizere isapitirire iwiri pa nthawi imodzi, mzere uliwonse usapitirire zilembo pafupifupi 42, ndipo mawu akhale pa kanema nthawi yokwanira kuti munthu awerenge mosathamanga. Pulogalamu yaulere ya Subtitle Edit imathandiza kuika nthawi yake ndi kutulutsa fayilo ya mawu a m'munsiwo, yotchedwa SRT. Sungani sewero m'mitundu iwiri, lina lokhala ndi mawu omatidwiratu pa chithunzi ndi lina lopanda mawu olembedwawo koma lotsagana ndi fayilo ya SRT, chifukwa zikondwerero za ku France kapena ku Brazil zingafune kuikapo chinenero chawo. Pomaliza pezani mphunzitsi wa Chingerezi amene sanaonepo sewerolo, alionere mutatseka mawu onse omveka kuti adalire olembedwawo, kenako akufotokozereni nkhani yake. Pamene wasochera ndi pamene pafunika kukonza.

Zikondwerero zambiri zimalandira ntchito kudzera pa tsamba la pa intaneti lotchedwa FilmFreeway, pamene kutsegula akaunti ndi kuikapo sewero n'kwaulere, ndipo mukaliika kamodzi mutha kulitumiza ku zikondwerero zosiyanasiyana. Pamafunika chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena mwini nkhani, chimene akufuna ndi chimene chikumutchinga, ndime imodzi yofotokoza sewero lonse, mbiri yachidule ya wotsogolera, chithunzi choitanira anthu, ndi zithunzi zingapo zooneka bwino zojambulidwa pa nthawi ya sewero. Zithunzizi anthu amaziiwala mpaka tsiku lotumiza, choncho patsani munthu mmodzi ntchito imeneyi kuyambira tsiku loyamba. Konzaninso chikalata cha masamba ochepa chofotokoza anthu a m'sewero ndi zimene zidzachitike m'magawo otsatira, pakuti amene wakonda gawo loyamba funso lake limakhala lakuti nkhani ikupita kuti.

Kukweza fayilo pa intaneti kumadya bandulo, choncho werengerani musanayambe. Gawo la mphindi 10 lotulutsidwa monga MP4 ya H.264 pa 10 Mbps (muyeso wa kulemera kwa kanema pa sekondi) limalemera pafupifupi 750 MB, ndipo pa 5 Mbps limatsika kufika pa theka lake, lomwe ndi lokwanira kuti oweruza aonere. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imachepetsa fayilo popanda kuwononga kwambiri chithunzi. Kwezani usiku pamene netiweki ilibe anthu ambiri, laputopu ndi foni zili zodzaza moto, ndipo ngati kwanu netiweki ndi yofooka, ndi bwino kukwera basi kupita pa Nchalo, pa boma la Chikwawa kapena kukwera phiri mpaka ku Blantyre kusiyana ndi kutaya bandulo katatu pa fayilo yoduka panjira. Musadikire tsiku lotsekera, chifukwa ola lotsekera litha kuwerengedwa pa nthawi ya dziko lina, ndipo magetsi sadziwa kuti inu muli ndi changu.

Ndalama zolowera mpikisano zimalipiridwa kawirikawiri m'madola kudzera pa khadi ya kubanki, ndipo Airtel Money kapena Mpamba wamba sizifika kumeneko mwachindunji. Poti ndalama zakunja ndi zosowa m'dziko muno, funsani ku banki yanu nthawi ikadalipo ngati khadi yanu ikuloledwa kulipira kunja. Mtengo umakwera tsiku lotsekera likamayandikira, choncho wotumiza msanga amalipira zochepa. Pa FilmFreeway mutha kusefa kuti muone zikondwerero zaulere kapena zotsika mtengo zokha. Muthanso kulemba kalata yaifupi yaulemu kwa okonza, masabata angapo tsiku lotsekera lisanafike, yonena kuti ndinu ndani, sewero linajambulidwa kuti ndi m'chinenero chanji, chifukwa chimene mwasankhira chikondwerero chawocho, ndi pempho lakuti akuchotsereni malipiro. Ena amavomera, ena sayankha, koma kalata yooneka kuti yatumizidwa chimodzimodzi kwa anthu makumi asanu siyankhidwa n'komwe.

Chenjerani ndi zikondwerero za dzina lokha. Zilipo zimene zimapereka mphoto mwezi uliwonse m'magawo osawerengeka, pafupifupi aliyense wolipira n'kupambana, kenako n'kumugulitsanso chikho ndi satifiketi. Zina zimayamba zokha kukulemberani, kuyamikira sewero limene sizinaone, n'kukupatsani mtengo wotsitsidwa. Musanalipire, fufuzani ngati pali holo yeniyeni imene amaonetserako, zithunzi za anthu oonera za zaka zapitazo, mayina a oweruza, ndi mndandanda wa masewero amene anasankhidwa chaka chatha. Ngati zimenezi sizikupezeka, ndalamayo ndi bwino igule maikolofoni.

Mayankho amatenga miyezi, ndipo okana amachuluka kuposa ovomera ngakhale kwa akatswiri, choncho nthawi yodikirayo igwiritsidwe ntchito polemba magawo otsatira. Mukasankhidwa adzakutumizirani chizindikiro cha timasamba choika pa chithunzi choitanira, ndipo adzafuna fayilo yolemera yooneka bwino kwambiri pa masiku ochepa, n'chifukwa chake iyenera kukhala yokonzeratu. Funsani ngati amalipira ulendo ndi malo ogona, chifukwa zikondwerero zazing'ono nthawi zambiri sizitero, komanso ngati pali mwayi wolankhula ndi oonera kudzera pa intaneti. Wofuna kupitako aonetsetse kuti pasipoti ilipo kale, ndipo apemphe kalata yomuitana yoti akapemphere viza. Wina akabwera ndi mgwirizano wofalitsa sewero lanu, onani zaka zimene ukugwira ntchito, mayiko amene ukukhudza, ngati ukukuletsani kulionetsa kwina kulikonse, ndiponso ngati ukutenga magawo amene simunajambule. Musasaine tsiku lomwelo, ndipo funsani a bungwe la Film Association of Malawi kapena wodziwa malamulo kuti auwerenge.

Malamulo a zikondwerero zimene munatumizako akakumasulani, sewero libwerere kumene linajambulidwa. Kuonetsa kanema pagulu m'dziko muno kumafuna kuti adutse kaye ku Censorship Board, imene imagwira ntchito pansi pa lamulo la 1968, choncho yambani ndi kumeneko, kenako dziwitsani amfumu ndi apolisi a m'deralo. Wailesi za m'madera monga Nyanthepa ku Nsanje ndi Gaka ku Bangula zingathandize kulengeza tsiku ndi malo. Purojekitala yobwereka, nsalu yoyera pa khoma la sukulu ndi zokuzira mawu ziwiri ndi zokwanira, koma jenereta iikidwe patali kuseri kwa nyumba ndi chingwe chachitali kuti isaphimbe mawu amene munavutikira kujambula. Munthu mmodzi akhale kumbuyo ndi kope, azilemba pamene anthu aseka, pamene akhala chete ndi pamene ayamba kucheza zawo, ndipo zimene walembazo muziwerenge pamodzi musanajambule gawo lotsatira.